Tsiku Limene Ndinakhazika Mudzi Pansi

Adada anasowa Lachiwiri, m'mwezi wa Juni, pamene mphepo ya ku Mafinga imalowa mpaka m'mafupa. Mutu wawo unali utayamba kale kuiwala. Maina athu ankawasokoneza, koma njira za m'phiri ankazikumbuka zonse, ndipo n'zimene zinatipweteka. Anatuluka masana ndi ndodo yawo, osabwerera.

Kwathu ku Chisenga munthu akasowa sitidikira boma. Anthu amamwazikana m'phiri, kukuwa, kuyatsa moto pamitunda kuti wosowayo aone utsi. Wotsala pakhomo amamuona ngati wopanda mtima. Tinachita zimenezo mpaka mawu kusasa, koma osaona ngakhale phazi lawo.

Lachitatu chakumadzulo apolisi anabwera ndi mayi wina wakumwera, wa gulu lothandiza pa ngozi, atanyamula m'bokosi droni, kandege kakang'ono kokhala ndi kamera. "Monire" wake anali wokhotakhota ngati msewu wa ku Nthalire, koma ntchito ankaidziwa. Anandiuza kuti kamera ya droniyo siona nkhope kapena malaya, imaona kutentha kwa thupi. Ataiulutsa anandiitana kuti ndione pasikirini. Phiri lonse linali mawangamawanga oyera: osaka aja, ng'ombe, zitsa zofuka, miyala yomwe inatentha ndi dzuwa.

"Amama, pamenepa bambo anu ndiwasiyanitsa bwanji?" anatero mayiyo. "Mawa mbandakucha, miyala isanatenthe, m'phiri musakhale munthu, ng'ombe kapena moto. Mabatire ndili nawo ochepa."

Kunena n'kosavuta. Kuti pasapezeke wopita kuphiri, panafunika kukhazika mudzi wonse pansi pamalo amodzi. Kwathu anthu akasonkhana n'kukhala pansi m'mamawa pakhomo pa munthu, ndiye kuti pagwa maliro. Achimwene anga aakulu atamva, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mudumbu, mlongo wanga, wapenga? Tikhale pansi ngati tikukhuza, adada ali moyo? Ukufuna kuwalosera imfa chifukwa cha kandege ka mlendo?"

Ine ndine wamakani kuyambira ndili mwana, aliyense amadziwa, ndipo tsiku limenelo makaniwo ndinawapezera ntchito. Ndinawayankha kuti masiku awiri takuwa, tapeza chiyani kupatula chimfine? Ndinati ngati vuto ndi pakhomo, tikakhale pabwalo la mpira, ndipo amene ayambe kulira ndimuthamangitsa ndekha. Kenako ndinayenda nyumba ndi nyumba, kupempha kuti ng'ombe zisatuluke m'khola, kuti moto wa pamitunda uzimitsidwe ndi dothi. Ena ananditcha mwana wouma mtima ndili pompo. Ndinkangoti yewo, n'kupita khomo lina. Mumtima ndinali ndi mantha oopsa, chifukwa ndinkadziwa kuti zikakanika, mudzi wonse udzati ndine ndinawagonetsa panja usiku wachiwiri popanda wowasaka.

Kutacha anthu anabwera, ali m'mabulangete, nkhope zili ndwii. Achimwene anakana kukhala, anaima cha pagolo manja ali kumbuyo. Tinawerengana kuti pasapezeke wozembera kuphiri, ndipo droni inanyamuka.

Tsopano phiri linali lakuda pasikirini. Batire loyamba linatipezera gwape. Batire lachiwiri linatha chabe, ndipo ndinamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga, koma sindinacheuke. Ndinauza mayi uja kuti ayese kukhwawa komwe adada ankapachikako ming'oma ya njuchi kalekale. Pa batire lachitatu anaimitsa chala. Panali kadontho kotuwa, kopindika pansi pa thanthwe, kosawala ngati gwape uja.

"Wazizira kwambiri," anatero mayiyo, "koma si mwala."

Amene anathamanga patsogolo pa onse anali achimwene omwewo. Malowo amuna anali atadutsapo kawiri dzulo lake, akukuwa pamwamba pa thanthwe lomwelo. Anawatsitsa adada pamachira, milomo itauma, miyendo yosayenda, koma akupuma.

Pofika pabwalo, tikudikira galimoto ya apolisi kuti tipite nawo kuchipatala, ndinawafunditsa bulangeti langa. Anatsegula maso n'kuona mudzi wonse uli pansi. Dzina langa sanalikumbuke, koma mwambo sanauiwale. Anandigwira dzanja, nandifunsa motsitsa mawu ngati mmene timafunsira pasiwa:

"Amama, watisiya ndani?"

Apo m'pamene ndinaswa lamulo langa lomwe ndinaika, misozi ili chuchuchu pamaso pa onse.

"Palibe, adada. Palibe amene watisiya."