Mfundo pa Waya wa Kuchipinda

Achimwene anga anamwalira atasiya siling'i ya nyumba yawo ili mabowo okhaokha. Njinga yamoto inaterera nawo pamatope akutsika kuchokera ku Dambe, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Tinkagwira limodzi ntchito ya magetsi pa boma pa Neno, ndipo kunena zoona munthuyo anali wovuta. Kanthu kakang'ono ankakazenga ngati mlandu. Waya uliwonse wokhala ndi moto ankaumanga mfundo kumapeto asanaukulunge tepi, ati tepi imamatuka koma mfundo simasuka yokha. Ine ndinkawaseka kuti zamfundozo ndi za asing'anga, ife tili ndi tesita yoyezera moto. Tinkakangana tsiku ndi tsiku, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zina mtima umandinyamukabe.

Siling'iyo inali yolendewera, ija ya mabolodi opepuka okhala pa timafelemu tachitsulo, yonse yopachikidwa ndi mawaya kumitanda ya denga. Achimwenewo ankafuna magetsi olowa m'kati mwa bolodi, osati babu lolendewera ngati papaya. Mabowo anali ataboola kale, ozungulira bwinobwino, pabalaza ndi m'zipinda momwe. Magetsiwo anali m'katoni pansi pa bedi, kungotsala kulumikiza.

Patapita miyezi, alamu anga anandipeza pamsika. Anati akuganiza zotseka nyumba n'kubwerera kwawo ku Ligowe, chifukwa mwana wawo wamkazi, amene anali atangoyamba sukulu, sankagona. Ankangoti chagada pabedi, maso ali pabowo la pamwamba pake, n'kumanena kuti adadi akumuyang'ana. Achibale anali atayamba kale zawo zija. Wina akuti aitane abusa, wina akuti mzimu sunagone, nyumbayo aisiye. Ine zinandipsetsa mtima. Ndinati mzimu wa chiyani, bowo ndi bowo, tikalitseka mwana agona. Koma mantha anga anali ena: akapita ku Ligowe, mwana wa mbale wanga ndizingomuona pamaliro, ndipo nyumba ija idzasanduka ya mileme.

Ndinapita m'mawa kuli chiperoni, mwanayo atapita kusukulu. Nditalowa pabalaza ndinaima kaye. Ndisaname, mabowo aja nanenso anandiyang'ana. Anali akuda bii, ndipo kamphepo kozizira kankatsika m'menemo n'kumandikhudza pakhosi. Ndinadzikalipira ndekha kuti iwe, munthu wamkulu ndevu pepeya, ukuopa bolodi? Ndinazimitsa meni swichi, n'kuimika makwerero.

Siling'i yotere sukwerapo, ikhoza kutsika nawe pansi. Umakankha bolodi limodzi, n'kulowetsa mutu ndi mkono basi. Nditasuzumira ndinapeza mawaya onse atayalidwa kale, aliyense wafika pabowo pake, owongoka mwa iwo aja. Pafelemu panali kapensulo kawo kotafunidwa kumbuyo. Kale iwo ankakankha waya kuchokera uko, akaimba mluzu ine n'kukoka. Tsiku limenelo ndinadzipeza ndaimitsa dzanja m'mwamba, ndikudikira mluzu uja. Kunangomveka malata akudontha.

Ntchito yake si yovuta. Umasenda waya, n'kulumikiza kukabokosi ka getsilo, kenako umapinda timasipuling'i tiwiri ta m'mbali, n'kulikankha m'bowo mpaka litagwira. Tikakupulumuka timaluma chala, ndipo tinandilumadi, ine n'kutukwana pang'ono alamu asakumva. Pabalaza ndinamaliza, kuchipinda chachikulu ndinamaliza. Bowo lililonse likatsekeka, nyumba inkapepukirako.

Chomaliza chinali chipinda cha mwana. Ndinapisa dzanja m'bowo la pamwamba pa bedi lake, n'kukoka waya. Unatuluka uli ndi mfundo.

Mawaya ena onse analibe mfundo. Ndinakwiya ngati munthuyo ali pomwepo. Meni swichi ndinali nditazimitsa ndi dzanja langali, moto uchokera kuti? Pulayala inali itayasama kale pawayapo, zala zanga zili pachitsulo chake. Ndinalankhula mokweza m'chipinda mopanda munthu.

"Achimwene, mwayambanso."

Komabe ndinatsitsa pulayala ija, n'kutenga tesita, kuti ndingowatsutsa. Nditagunditsa, inayaka psuu. Wayayo unalidi ndi moto. Ndinatsika n'kukhala pabedi la mwanayo, ndipo ndinakhalitsa.

Nditautsatira wayayo, unakathera kuchipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a mbatata ya kachewere. Kunali batire ndi inivata, zodyetsedwa ndi sola ya padenga. Alamu ankadziwa kuti n'zotchajira mafoni basi. Apo m'pamene anakumbuka kuti mwanayo ankalira magetsi akazima, ndipo bambo ake anamulonjeza kuti kuchipinda kwake mdima sudzalowanso. Ndinachotsa waya kubatire, ndinalumikiza getsi lija, n'kubwezeretsa zonse mmene achimwene anazisiyira.

Mwanayo anabwera masana. Ine ndinali nditakhala pakhonde, ndikudikira zikomo wanga. Analowa kuchipinda kwake, ndipo kunali zii. Nditamutsatira ndinamupeza ataima, chikwama chili kumsana, misozi ikungotsika popanda mawu.

"Bambo aang'ono, mwatseka," anatero. "Nanga adadi azindionera pati?"

Kalanga ine. Akuluakulu tonse, ndi nzeru zathu, tinamva kuti mwana akuopa. Iye sankaopa ayi. Ankakana tulo kuti bambo ake asamupeze atatseka maso. Chisoni chimene chinandigwira chinaposa cha tsiku la maliro. Alamu anangopukusa mutu, n'kunena motsitsa kuti ndayesetsa, koma mawa ayamba kulongedza.

Ndinatsalira mpaka chakumadzulo, ati kuyesa magetsi, koma zoona zake ndinkaopa kutsanzika. Ndinayatsa onse, nyumba yonse mbee. Mwanayo anakhala pakona pabalaza, osandiyang'ana. Dzuwa litangolowa magetsi anazima monga amachitira kwathu kuno, ndipo kwa aneba kunamveka kudandaula kwa masiku onse. Pabalaza panagwa mdima. Koma pansi pa chitseko cha mwana pankatuluka kuwala.

Anadzuka yekha, n'kukankha chitsekocho. Getsi la pamwamba pa bedi lake linali chiyakire, lokhalokha m'nyumba monse. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakwera pabedi n'kugona chagada.

"Ndi awo," anatero.

Pamene amayi ake ankamuvula nsapato n'kuti atagona kale. Alamu anakhala pansi pakhomo pa chipindacho, chitenje chili kukamwa. Za ku Ligowe sanazitchulenso. Ndikunyamula makwerero kuti ndizipita, anandiitana osatembenuka.

"Alamu, waya umenewo musadzaukhudzenso."