Karediyeta ka a Fakiri

A Fakiri anabwerera ku Nkhotakota kuchokera ku Halale ali ndi mwendo umodzi. Wamanzere unatsala ku mgodi kumene ankakonza injini za mapampu; thanthwe linauphwanya, madokotala naudula m'munsi mwa bondo. Poti kilatchi sakanathanso kuiponda, anabwera ndi galimoto ya otomatiki, yosintha yokha magiya, ya dizilo, yokhala ndi tebo yowonjezera mphamvu ya injini, yomwe inkaimba mluzu ikamathamanga. Pa boma ponse panalibe ina yotero. Anatsegula kagalaja kuseri kwa msika, namakonza njinga zamoto ndi injini za maboti atakhala pa chitsa, ndodo ili pambali.

Iwo ndi akazi awo, a Rahila, anali ndi mwana mmodzi yekha, Madina. Atakula anakondana ndi Hubert, mphunzitsi wopemphera ku Angilikani, ndipo a Fakiri, munthu wosajomba ku mzikiti, anakana kwamtuwagalu. Madina anakwatiwa ndithu, nakakhala ku Kasungu. Kuyambira pamenepo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo bambo ake ali pafupi.

Patapita zaka a Rahila anayamba kuwonda. Chakudya chinkabwerera, ndipo mankhwala ankangochepetsa ululu. M'mawa wina anawaitana amuna awo ndi dzina limene linali litaiwalika.

"Bambo a Madina, ndiperekezeni ku Kasungu. Basi sindingaithe. Ndikaone mwana wanga ndikadali ndi maso."

A Fakiri anatuluka nakapopa matayala.

Ananyamuka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anaonetsa makhadi a chipani pa chipata cha malo osungira nyama, nalowa m'nkhalango, msewu wafumbi wokwera zitunda zokhazokha. Ali pakati, m'galimoto munamveka fungo ngati la mtedza wopserera. Injini inkalira koma matayala osakoka. A Fakiri atatsegula kutsogolo anapeza oyilo wa giyabokosi, amene amakhala wofiira, atada bii, akufuka utsi. Anadikira kuti azizire, a Rahila akudzikupiza ndi mpango, ntchentche zoluma zikuwazinga. Kenaka anatembenuza galimoto nkutsetsereka kubwerera kwawo.

Mlongo wa a Rahila, a Abdulhamid, anawapeza ku galaja mawa lake.

"Alamu, tumizani uthenga mwanayo abwere yekha. Odwalawa sakudikira."

"Ndanena kuti ndiwapititsa, ndiwapititsa."

Mumtima a Fakiri ankadziwa chimene ankathawa. Kukafika pakhomo pa Madina ngati wongoyendetsera mayi ake galimoto kunali kosavuta. Kumuitana kunali kuvomera kuti analakwa.

Vuto la galimoto analiona msanga: pa chitunda oyilo wa giyabokosi ankatentha kuposa mmene rediyeta ikanamuziziritsira. Ankafunika kozizirira kwakekwake. Ku Dwangwa anapeza karediyeta kakang'ono ka thirakitala yakufa. Anakatsuka ndi palafini, anakamanga kutsogolo kwenikweni kumene mphepo imayambira kuomba, nalumikiza mapaipi awiri, ina yotengera oyilo wotentha, ina yomubweza atazizira. Ntchito yakunsi ankaigwira atagona chagada pa chiguduli, akudzikankha ndi mwendo umodzi. Paipi ina inadontha, anaiwotcherera. Inadonthanso, anayambiranso. Oyilo wofiira uja pa boma sankagulitsidwa, ndiye anatuma woyendetsa lole wina kuti akabwere naye ku Lilongwe, koma loleyo inachedwa.

Tsiku lililonse akamalowa m'nyumba, a Rahila ankadzutsa mutu pa mkeka.

"Yatha?"

"Mawa, mayi. Mawa lomweli."

Oyilo anafika Lachinayi. Lachisanu m'mawa a Rahila anamwalira, ndipo anawaika tsiku lomwelo anthu atatuluka mu mzikiti.

Loweruka a Fakiri ananyamuka okha. Galimoto inakwera zitunda zonse osadandaula ngakhale pang'ono. Atafika pamwamba anaima, anatsegula kutsogolo, nagwira paipi yobweza oyilo ija. Inali yofunda chabe, ngati madzi osambitsira khanda. Kumanda dzulo lake sanagwetse msozi, koma pamenepo anatsamira galimoto nalira mokweza, m'nkhalango mopanda womva.

Madina anali akuyanika zovala pamene anamva mluzu wa tebo umene anakula nawo. Anathamanga, anapitirira bambo ake, nasuzumira ku mpando winawo.

"Ababa, amayi ali kuti?"

"Tawaika dzulo, mwananga."

Madina anagwira chitseko cha galimoto.

"Adwala nthawi yaitali?"

"Kuyambira nthawi yokolola mpunga."

"Miyezi yonseyi, ababa? Osanditumizira ngakhale mawu?"

A Fakiri anayamba kufotokoza za oyilo ndi mapaipi. Amene anawagwira mkono ndi Hubert, yemwe anali asanapatsanepo naye moni. Anawakhazika pa khonde, nawabweretsera madzi.

Ku sadaka ya masiku makumi anayi Madina anabwera pa basi; galimoto ya bambo ake anakana kuikwera. M'zaka zotsatira ankatumiza ana ake pa tchuthi, ndipo a Fakiri ankawagulira chambo ndi kuwaphunzitsa dua, mapemphero achisilamu. Iye mwini akabwera ankagwada, kupereka moni, kuwachapira zovala, koma sankachezanso nawo. A Fakiri anamwalira chaka chimene anthu ankavotera zipani zambiri, ndipo Madina analipo, chifukwa a Abdulhamid anamuitana nthawi ikadalipo.