Lamba wa akulu pa mkono wa Zainabu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, omwe ankachapa zovala pa kachipatala kolipira kufupi ndi Ngala. Nditangomaliza Fomu 4, eni chipatalacho, omwe tonse tinkawatchula adokotala, anandiika pa tebulo lakukhomo kuti ndiziyeza odwala sikelo, kutentha kwa thupi ndi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja.

Maphunziro anga onse anatha tiyi asanazizire. Wodwala akhale pansi, mkono patebulo, lamba umukulunge pamwamba pa chigongono, udine batani. "Ikakhala pafupi ndi 120 pa 80, lemba kuti ili bwino," anatero. Lamba analipo mmodzi, wa akulu, wakuda ndi thukuta la asodzi. Ankandinyansa, koma ndinkaona ngati vuto lake ndi fungo lokha.

Tsiku lina kunabwera mayi wogulitsa nsomba ndi mwana wake Zainabu, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhope inali itatupa, maso atatsala pang'ono kutsekeka, ndipo mayiwo anati mkodzo wake ukuoneka ngati tiyi. Lamba uja anazungulira kamkono kawiri. Makina anaonetsa 124 pa 84. Ndinalemba m'buku lake la kuchipatala kuti ili bwino, mochita kukongoletsa zilembo. Adokotala sanamukhudze n'komwe mwanayo, anangoti malungo, n'kupereka mapiritsi.

Patapita masiku awiri mayiwo anabwera naye atamubereka, thupi likugwedezeka, maso atatembenuka. Adokotala anathamangira kupeza galimoto. "Iwe, pita nawo ku Boma. Asafere pano."

Namwino wa kuchipatala chachikulu anatulutsa kalamba kakang'ono, n'kuyeza, n'kuitana anzake. Atamubaya jakisoni mwanayo, anatsegula buku lija.

"Analemba izi ndani?"

"Ndine."

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anandiuza kuti magazi a mwana sathamanga ngati a wamkulu. Mitsempha yake ndi yofewa, thupi ndi lalifupi, ndiye nambala imakhala yotsika, n'kumakwera pang'onopang'ono iye akamakula. Nambala yabwino kwa bambo wopalasa bwato ndi yoopsa kwa mwana wa msinkhu wa Zainabu. Komanso lamba wamkulu pa mkono waung'ono amatsitsa nambala, kutanthauza kuti tsiku lija inali yokwera kuposa yomwe ndinalemba. Impso zake zinali zitadwala, ndipo ife tinamubweza kunyumba.

Zainabu anachira patatha masabata awiri. Nditawafotokozera adokotala za lamba wa ana, anayankha akusewera ndi foni. "Ana ndi angati obwera ndi bipi? Wayamba udokotala liti iwe?"

Chimene chinandithetsa nzeru chinachitika mwanayo atatuluka. Mayi ake anabwera ndi chambo zinayi zikuluzikulu m'beseni, n'kugwada pakhomo. "Mukanapanda kutipezera galimoto, bwenzi titaika maliro. Mulungu akudalitseni."

Adokotala analandira ndi manja awiri, osaphethira. Kenaka anatenga imodzi n'kundipatsa ine, mayiwo akumwetulira. Ndinalandira, n'kupita nayo kunyumba. Mwezi utatha sindinabwererenso.

Pano ndine namwino, ndipo ndimaphunzitsa atsopano kuyeza bipi. Ndisanawaonetse batani, ndimawauza kuti ayambe afunsa zaka za wodwala, ayang'ane mkono wake, asankhe lamba womukwana. Mayi a Zainabu timakumanabe pamsika, ndipo amandiitana kuti mwana wanga. Mpaka lero sindinawauze zomwe ndinalemba m'buku lija.