Galimoto ya Malemu Inkamaliza Batire

Ndisanabwere kuno ndinagwirako ntchito pa galaja ina ku Lilongwe, kukonza za magetsi a galimoto. Kuno kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Walsall, ntchito yanga ndi ina, ndimasamalira okalamba, ndipo manja anga anaiwala girisi kalekale. Koma anthu a kutchalitchi saiwala. Wina akangodandaula kuti galimoto yake sikulira, maso onse amatembenukira kwa ine.

Umu ndi momwe ndinadziwanirana bwino ndi mayi ena a ku Mulanje, namwino wa pachipatala, amene anakwatiwa ndi mzungu wa konkuno. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, n'kuwasiyira nyumba ndi galimoto yakale ya ku America. Lamlungu lina titaweruka, anandiimitsa pakhomo la holo yomwe timapemphereramo.

"Achimwene, akuti inu mumadziwa za mawaya. Galimoto ya malemu ikundimalizira batire. Ndagula yatsopano, nayonso yatha."

Ndinapita Loweruka m'mawa pa basi, mita yanga yoyezera magetsi ili m'thumba la jekete. Atatsegula chitseko cha galaja ndinangoima. Inali galimoto yobiriwira, yaitali, ya boneti ngati tebulo la paukwati, chiwongolero chili kumanzere. Ya zitseko ziwiri zokha koma injini ya masilinda eyiti. Kwathu ndinazolowera maminibasi ndi timagalimoto ta ku Japan, yotereyi ndinali ndisanaigwirepo.

Anandifotokozera kuti amuna awo ankaiyendetsa Lamlungu lililonse kukakhala dzuwa, ndipo sinavutepo. Mayiwo atayamba kuiyendetsa, inkatha maulendo atatu kapena anayi, kenako n'kukana kulira. Kamodzi inawathimira pa raundabauti, ali mu yunifomu, anthu akuimba mahutala kumbuyo.

"Anzanga akuti ndingoigulitsa. Mwina akunena zoona. Koma ndimafuna ndidziwe kaye chomwe ndikuilakwira."

Batire anali ataitchaja usiku wonse kukhichini, ndiye tinaiika n'kuliza injini. Galaja yonse inanjenjemera. Ndinayeza: injini isanalire mita inkawerenga mavolti thwelofu ndi pang'ono, italira inawerengabe chimodzimodzi, kenako n'kuyamba kutsika. Imayenera kukwera kufika pa fotini. Apa ndinadziwa kuti alitaneta, chija chimene chimabwezera moto mu batire galimoto ikamayenda, sichikugwira ntchito yake.

Ndinayamba ndi zosavuta. Lamba wa alitaneta anali wokoka bwino. Mitu ya batire ndinaipala mpaka kuwala. Waya wochokera ku injini kupita ku chitsulo cha galimoto anali ndi dzimbiri, ndipo ndinasangalala msanga poganiza kuti ndapeza. Ndinamumasula, kumutsuka, kumumanganso. Mita sinasinthe. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, nditamwa tiyi wa eni ake makapu awiri osakonza kanthu.

Mkati mwa sabata ndinkaiganizira ndili pa shifiti. Loweruka lotsatira ndinachotsa alitaneta yonse, n'kupita nayo kwa mkulu wina wa ku Jamaica amene ali ndi kashopu ka zamagetsi a galimoto ku Lozells. Anaimanga pa makina ake, kuizunguza, n'kundiuza kuti ilibe vuto lililonse. Ndinabwerera nayo pa basi ili pamiyendo, itakulungidwa m'thaulo.

Nditaibwezera, ndinakhala pampando wa dalaivala, nzeru zitandithera. Mayi aja anali ataima pakhomo atavala juzi lalikulu la amuna awo. Ndinapotokola kiyi pang'ono, osaliza injini, ndikungoyang'ana pa dashibodi. Kanyali ka oyilo kanayaka. Pambali pake panali kagalasi kena kofiira, koma kanali zii.

"Achemwali, aka kamayaka mukapotokola kiyi?"

Anawerama kusuzumira. "Ayi. Sindinakaonepo katayaka. Si ndiye kuti zili bwino? Ine ndimadziwa kuti chofiira chikayaka ndiye kuti pali vuto."

Ndinakumbukira zimene abwana anga a ku galaja ankatiuza za magalimoto akale. Alitaneta siyamba yokha. Imafuna kamoto pang'ono koyambira, ndipo kamotoko kamadutsa mu babu la kanyali ka batire. Babu likapsa, njira yatsekeka. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, n'kupisa dzanja kuseri kwa dashibodi. Ndinatulutsa kababu kochepa ngati nsawawa, kakuda bii mkati.

Malemu anali munthu wosunga zinthu. Pa shelefu panali zitini za bisiketi, chilichonse atachilemba pamwamba, ndipo mayi aja anapeza cha mababu osavutika. Nditaika latsopano, kanyali kanayaka kofiira. Ndinaliza injini, kanathima, mita n'kukwera mpaka fotini.

Sanaombe m'manja. M'malo mwake anafunsa funso lomwe nanenso linkandivuta.

"Koma ngati sikanayakepo chiyambire, bwanji kwa malemu siinkavuta?"

Ndinaganiza, n'kuwafunsa momwe amuna awo ankayendetsera. Anayamba kuseka asanayankhe.

"Iii, musanene. Akangotuluka mumsewu muno ankaponda mafuta mpaka maneba kusuzumira pa mawindo. Ine ndinkagwira mpando ndikupemphera. Tinkakangana Lamlungu lililonse."

"Nanga inu?"

"Ine ndimaiyendetsa ngati ndanyamula mazira."

Ndinawauza kuti yankho ndi limenelo. Alitaneta zina zikazungulira mwamphamvu zimadzidzutsa zokha ngakhale babu litapsa. Amuna awo ankaidzutsa ndi phazi osadziwa, mwina kwa zaka. Mayiwo, poisamala, sankafika pamenepo. Anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala lakale lomwe linali pakona, kenako ndinaona akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Ndinatembenuka n'kumalongedza masipanala.

Masana omwewo anati tiiyese pa msewu waukulu wolowera ku Telford. Anayendetsa ndi iwo, ine ndili kumanja komwe ndinazolowera kuti kumakhala chiwongolero, mapazi anga akufufuza buleki yomwe kunalibe. Kunali kamphepo ndi kadzuwa pang'ono. Titadutsa nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, msewu utatambasuka, anandiyang'ana pang'ono n'kuponda mafuta. Msana wanga unakanirira kumpando.

"Pepani achimwene," anatero akuchepetsa liwiro. "Ndimangofuna ndimve chomwe malemu ankaikondera."

Tinaima pa malo ena ogulitsa zakudya, anandigulira tchipisi ndi nsomba, tinadyera panja titatsamira galimoto. Bambo wina wachikulire anabwera kudzafunsa chaka chomwe inapangidwa, ndipo mayi aja anamuyankha bwinobwino, mpaka kukula kwa injini. Pobwerera anandisiya pakhomo panga, ndipo akazi anga anatuluka ndi masilipasi kudzaona chomwe chikugunda mumsewu.