Mzere wa Mbatata Pakati pa Msewu

Ndikukumbukira chaka chimene malole ochokera ku Meponda anatimalizira nkhuku m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lione. Ankadutsa ngati mphepo, n'kutisiyira fumbi lofiira ndi fungo la usipa. Lole ina itagunda mbuzi pakhomo pa sukulu, makolo anapita kwa shefe wa posto, mkulu wa boma m'dera lathu, kukadandaula. Iye anati mphamvu yochepetsa liwiro m'misewu ya m'midzi anali nayo, koma chikwangwani analibe. Anatilola kuunjika dothi pamsewu, chimene ankachitcha lomba.

Vuto linali lakuti palibe aliyense wa ife amene anali ataonapo lomba. Chimene manja athu ankadziwa ndi mzere wa mbatata. Choncho tinakwirira udzu pansi, n'kuunda dothi lofika m'mawondo, losongoka bwino pamwamba. Ine, mnyamata wa kalasi yachinayi, ndinagwira khasu koposa onse, ndikuuza aliyense kuti madalaivala aphunzira ulemu.

M'mawa mwake bambo anandipatsa njinga yawo koyamba, kuti ndikatule nyemba kwa azakhali. Anati ndikaibweza yabwinobwino, ndiziyendera Loweruka lililonse. Kunali chifunga cha mwezi wa Juni, chozizira mpaka m'mano. Pamtsetse ndinasiya mabuleki, mphepo ikulira m'makutu, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Za mzere uja ndinazikumbukira ndili m'malere.

Ndinagwera m'minga, nyemba zili mbwee pamsewu, gudumu lakutsogolo litapindika ngati mphasa yonyowa. Kenaka lole inatulukira m'chifungamo, ikuyenda pang'onopang'ono. Dalaivala wake, bambo wovala kofiya, anatsika n'kundithandiza kutola nyemba. Anandifunsa kuti wamanga chinthu choopsa chotere ndani. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Bambo sanandimenye. Anazunguza gudumulo mwakachetechete, n'kunena kuti, "Lomba ija mwaiunda bwino, achimwene. Tsopano tadziwa kuti imagwira ntchito." Kwa azakhali ndinapitabe wapansi mpaka mvula itagwa kawiri.

Lero kuno m'tauni ku Sanjala a munisipiyo, oyang'anira mzinda, anaika malomba a simenti, opakidwa utoto, ndi zikwangwani za liwiro. Anyamata a njinga zamoto amatukwana akamawadumpha, ndipo sindifulumira kuwaweruza. Malemu mkazi wanga ankaseka akandiona ndikutsika njinga patali, n'kuikankha ngati ndikulowa m'tchalitchi. Ndimatsikabe, ndipo ana asukulu amandipitirira wapansi.