Timalemba ta M'munsi mwa Tsamba

Ku eskola ya kwathu apurofesolo, aphunzitsi athu, anali ndi lamulo limodzi: uwerenge zonse zili pa tsamba, usadumphe kanthu. Wodumpha mzere ankagwada pa miyala. Ine sindinagwadepo. Ndinkawerenga ndi nambala ya tsamba yomwe, anzanga n'kumaseka.

Chizolowezi chimenechi n'chimene chinapweteketsa mlongo wanga.

Kapela yathu ili kuseri kwa Lifidzi, ndipo apadiri amafikako mwa apo ndi apo. Mapemphero ankatsogolera ndi amalume, omwe anali katekista. Maso atayamba kuwavuta, ntchito yowerenga anandipatsa ine, pamodzi ndi Baibulo latsopano lochokera ku mishoni. Ndinalikutira ndi pepala la thumba la simenti.

Chaka chimenecho mlongo wanga wamkulu anabereka mwana asanakwatiwe. Mwini mimba anakwera shapa, minibasi ya ku Tete, osabweranso. Akulu a mpingo anagamula kuti mlongo wanga azipemphera ali panja, pansi pa bulugamu, ndipo mwana asalembedwe ubatizo. Amalume sanatsutse. Anangodikira Sabata lina la Kwarezima, Pasaka atayandikira, pamene timawerenga za mkazi wogwidwa m'chigololo uja, amene anthu anafuna kumugenda miyala, Ambuye n'kumuleretsa. Tsiku lomwelo akulu anayenera kukambirananso mlandu wake.

"Uwerenge pang'onopang'ono, mokweza," anandiuza amalume m'njira. "Zotsalazo undisiyire ine."

Ndinawerenga bwino, sindinapunthwe. Amayi ena anayamba kusuzumira panja pamene panali mlongo wanga. Koma pa nkhaniyo panali kanyenyezi, ndipo m'munsi mwa tsamba munali timalemba tating'ono tonena kuti nkhani imeneyi sipezeka m'mipukutu yakale kwambiri. Ndinatiwerenganso, pang'onopang'ono, mokweza.

Mkulu wa mpingo, bambo wolima mbatata zambiri kuposa onse, anaimirira.

"Tabwereza pamenepo, mnyamata."

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti n'chigamba? Akatekista, mukufuna tiweruze mlandu ndi chigamba?"

"Buluku lanulo likadapanda zigamba bwenzi tikuona zotani, abambo?" anatero mayi wina kumbuyo.

Anthu anaseka, koma amalume sanaseke. Akulu anagwirizana kuti mlandu uyambe waima, ndipo ine, amene ndinavumbulula nkhaniyi, ndipite ku mishoni ndikafunse.

Ku mishoniko, ku Fonte Boa, ndinapita katatu pa njinga yobwereka. Mvula inali isanatheretu, matope ankatseka mateyala, ndipo mtunda wina ndinkachita kuinyamula njingayo. Kawiri konse ndinapeza apadiri atachoka. Ulendo wachitatu airima ena achikulire, asisitere a pa mishonipo, omwe ankasankha nyemba pakhonde, anandifunsa chimene ndinkazungulirira. Ndinangotsegula tsambalo n'kuloza.

"Aa, kanyenyeziko," anatero. "Khala pansi, mwana wanga."

Anandifotokozera kuti amene anaona Ambuye anayamba akamba pakamwa, zaka zambiri, kenako ndi pamene zinalembedwa. Zolemba zoyambirirazo palibe amene ali nazo lero. Zimene zilipo ndi zokopera pamanja, wina kukopera kwa mnzake, zina pa mapepala a gumbwa ong'ambikang'ambika. Akatswiri amayerekeza zaka zake poona kalembedwe, monga momwe ife timazindikirira kalata ya munthu wophunzira nthawi ya atsamunda. Zambiri zimagwirizana, anatero, koma nkhani ya mkaziyi m'mipukutu yakale kwambiri mulibe, ndipo m'ina imapezeka pa malo ena.

"Ndi nkhani yakale ndithu, koma inachedwa kupeza pogona. Mpingo unailandira, ndipo timaiwerenga ngati Mawu a Mulungu."

"Nanga zinachitikadi, airima?"

"Ine ndimakhulupirira. Koma sindinaliko."

Ndinanyamuka kubwerera kwathu. Njira yonse ndinkasinkhasinkha: ndikangonena kuti mpingo unailandira, basi, mlongo wanga alowa. Ndani akapalase njinga kukatsimikiza? Ndinayeseza mawuwo mpaka pa mlatho. Koma Sabata litafika, akulu atandiyang'ana onse, pakamwa panga panatuluka zonse, kuyambira pa gumbwa mpaka pa mawu omaliza a airima.

"Mwamva?" anatero mkulu uja. "Ngakhale a ku mishoni akuti sanaliko."

"Nanga inu pa Sinai munaliko?" anafunsa amalume. Mawu awo anali otopa. Akulu anagamula kudikira apadiri.

Potuluka ndinawapepesa amalume. Anandigwira paphewa kuti ndiwatsogolere pa msewu woterera.

"Zaka zonsezi ndawerenga buku lakale lopanda nyenyezi," anatero. "Sunaname, mphwanga. Kungoti choonadi nachonso chili ndi tsiku lake."

Tinadikira. Chimanga chinauma, tinakolola, chisanu chinabwera. Sabata lililonse ndikaima kutsogolo ndinkamuona mlongo wanga pa zenera, atafunditsa mwana nsalu ziwiri. Sanandikalipirepo. Ndikadakonda akadandikalipira.

Apadiri asanafike, mlongo wanga anatopa. Anamanga katundu kuti akakhale kwa azakhali ku Ulongwe, azikagulitsa mbatata pa msika. Ndinamunyamulira thumba mpaka pa msewu. Tikudikira shapa anandifunsa, maso ali kwa mwana:

"Iwe wowerenga zonse, tandiuza. M'mabuku momwe nkhaniyo ilimo, alipo limodzi lomwe anamugenda?"

"Ayi, achemwali. Airima sananene zotero. Monse anapita kwawo wamoyo."

"Basi," anatero, n'kukweza mwana kumsana.

Apadiri anabwera patapita milungu itatu. Anamva nkhani yonse, nati mwana alembedwe, mayi wake alowe. Koma pansi pa bulugamu panalibenso munthu woti alowe. Mwanayo anabatizidwa ku Ulongwe, ife kulibe.

Ndimawerengabe m'kapela. Ndikaona kanyenyezi, chala changa chachikulu chimatsikira chokha m'munsi mwa tsamba n'kuphimba timalembato. Ndikafika kunyumba ndimatsegulanso, n'kutiwerenga ndekha.