Kabokosi ka a Bwerezani

Mvula ya chaka chimenecho inkakonda masana. Ikayamba, umayenera kuanula zovala, kutchera beseni podontha, n'kusunga mawu ako mpaka ikate, chifukwa pansi pa malata palibe womva mnzake.

A Bwerezani ndiwo ankavutika kuposa onse. Anakalambira pa chigayo, ndipo injini inawadya makutu pang'onopang'ono. Dzinalo anawapatsa ndi anthu odzagayitsa, poti chilichonse ukanena, yankho lawo linali lomwelo.

Mwana wawo wotsiriza ankagwira ntchito ku nyumba youlutsira mawu, mumzinda wakutali. Dzinja linali litadutsa kangapo asanaponde pakhomo. Masana aliwonse ankawerenga mauthenga a alimi. Pa foni bambo ake sankamumva, koma pa wailesi yaikulu ya pabalaza, ya masipika awiri ndi kaseti, ankamutolako akagunditsa khutu pa sipika. M'chilimwe zinkatheka. M'dzinja malata ankapambana.

Tsono mwanayo anaimbira mayi ake kuti sabata imeneyo inali yomaliza pa wailesi. Ankatsatira mwamuna wake kunja.

A Bwerezani anagula mahedifoni n'kuwalowetsa pa bowo la kutsogolo. Masipika anangoti zii.

"Iii, bambo, mwandizimitsira mwana!" anatero akazi awo.

"Mwati?"

"Ndati mwanayu simunabereke nokha!"

Anazula. Ndiponso mawu a m'mahedifonimo anali ochepa ngati udzudzu. Tsiku limenelo amene anamvetsera ndi mayi okha. Iwo anangokhala n'kumayang'ana nkhope ya akazi awo, akaseka nawonso n'kuseka.

M'mawa mwake anapita kwa wokonza mawailesi, ndipo anabwerako ndi kabokosi kakuda, ampulifaya yokwezera mawu a mahedifoni, ndi waya wa mitu iwiri mbali iliyonse, wofiira ndi woyera. Wokonzayo analongosola zambiri. Iwo anagwira zimene manja ake anasonyeza basi: kuseri kwa wailesi, chofiira pa chofiira, choyera pa choyera.

Mitambo inali itadetsa kale m'nyumba. Anakoka wailesi kuchoka kukhoma n'kugwada, akazi awo atawagwirira tochi.

"Fumbi lonseli, munabwera nalo ku chigayo?"

"Unikani kuno, mayi, musaunike dazi langa."

Kuseriko kunali timabowo tofiira ndi toyera tambiri, tiwiritiwiri. Anasankha tapamwamba. Analumikiza kabokosi kumagetsi, analowetsamo mahedifoni, anavala, anapotokola batani mpaka pothera. Masipika ankaimba, koma m'makutu mwawo munalibe kanthu.

Anakhala pansi pa simenti, manja pa mawondo.

"Basi, mayi. Atha makutu aja."

Akazi awo anawavula mahedifoni n'kuvala iwowo pamwamba pa duku. Anamvetsera, kenako anawakuwira m'khutu.

"Inenso sindikumva! Si inuyo, ndi bowo!"

Madontho oyamba anali atayamba kugogoda. A Bwerezani anagwadanso, anazula mitu iwiri ija, n'kutsikira pa timabowo tapansi, totulutsira mawu kupita kojambulira. Koyera kanalowa bwino. Kofiira kanali ndi dzimbiri, ndipo anakapala ndi chikhadabo mpaka kanalola.

"Bwezani batani kaye, angakuphulitseni mutu," anatero mayi, akusonyeza ndi dzanja.

Anabweza, anavala, n'kuyamba kukweza pang'onopang'ono. Mvula inatsika yonse. Mayi anakokera mpando pafupi ndi sipika. Kanyimbo koyambira pulogalamu kanatha, mwana uja n'kuyamba kulankhula.

A Bwerezani anatchera khutu, chala chili pa batani.

"Ali ndi chimfine mwanayu," anatero mokweza kwambiri. "Mukumva mmene akupumira?"

"Ndamva. Khalani chete."

"Sakuvala juzi ameneyu."

"Bambo!"

Anakhala chete mpaka mwanayo anatsanzika. Kenako anapinda waya wotsala, anaumanga ndi kachingwe, n'kukankhira wailesi kukhoma.